Sewero likalowedwa dzina

Pali dandaulo limene simulephera kulimva mukakhala pakati pa anthu okonda masewero a pa wailesi ndi pa kanema, kaya ndi m'minibasi yochoka pa Dedza kupita ku Lilongwe, kaya ndi pa benchi la telala pa Bembeke. Wina amangoti, "Sewero lija linatha kalekale, latsala ndi dzina lokha." Mukamufunsa kuti chatha n'chiyani, poti likuulutsidwabe tsiku lomwe lija, nthawi yomwe ija, nyimbo yotsegulira ndi yomwe ija, ngakhale nkhope zina n'zomwe zija, munthuyo amasowa poyambira. Amangopukusa mutu n'kuti, "Mchere mulibe." Basi.

Kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti wasintha munthu amene oonera samuona. Sewero lililonse lopitirira zaka zambiri limakhala ndi munthu mmodzi amene mawu ake ndi omaliza. Ndiye amagamula kuti uyu akwatire, uyu alowe m'ndende, uyu amwalire chaka chino. Ena amalemba zigawo, koma zonse zimadutsa m'manja mwake. Ochita sewero amayankhula, koma mpweya wa zoyankhulazo ndi wake. Ku America amamutcha showrunner. Ife tilibe dzina limodzi: pena timati mkonzi, pena mlembi wamkulu, pena mwini sewero. Chikhala kuti mayina ndimapereka ndine ndikadamutcha tsabwalo, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo. Savina, koma ndiye amadziwa chimene chilowe m'bwalo tsopano ndi chimene chiyambe chadikira kuseri. M'nkhani ino ndizingoti woyendetsa sewero.

Funso langa ndi ili: munthu ameneyu akachoka, wina n'kukhala pa mpando wake, kodi wobwerayo ali ndi ngongole kwa wina aliyense? Pa malamulo yankho silivuta. Wailesi kapena kampani yamulemba ntchito, yamupatsa makiyi, achite zimene akuona kuti n'zabwino. Koma tonse tikudziwa kuti zilipo zinthu zimene lamulo limalola, koma munthu akazichita timayamba kumuyang'ana ndi diso lina.

Agiriki akale anali ndi mkangano wawo wa chombo cha Theseus. Anthu a ku Athens anachisunga zaka zambiri, thabwa likaola n'kuikapo lina, mpaka anzeru awo anayamba kutsutsana ngati chinali chikadali chombo chomwe chija. Mkangano umenewu ndi wokoma m'kalasi, koma pa nkhani yathu sutifikitsa patali, chifukwa thabwa silikumbuka kanthu ndipo silinalonjezepo munthu kanthu. Chitsanzo chabwino tili nacho pakhomo pomwe pano.

Mfumu ikamwalira, dzina silipita nawo kumanda. Kaphuka alipo, Kasumbu alipo, Kachere, Tambala, Chilikumwendo, Kamenyagwaza, onse alipo, chonsecho anthu amene anayamba kuitanidwa mayina amenewa anagona kalekale. Pa mwambo wa Achewa amayi a mbumba amakhala pansi n'kusankha, kawirikawiri mwa ana a mlongo wake wa malemuyo, ndipo wosankhidwayo akalongedwa dzina lake lakale limayamba kuiwalika. Ngakhale mayi amene anamusambitsa ali khanda amamuombera m'manja. Timati walowa dzina.

Tsono chimene walowacho n'chiyani kwenikweni? Ana amaona mpando ndi nkhuku za pa mlandu. Akuluakulu amadziwa kuti walowa milandu. Malire a munda amene amalume ake anaweruza zaka 30 zapitazo, n'kudzalitsapo nkhadze anthu akuona, iye sangadzuke m'mawa n'kunena kuti "ine panalibe." Mlendo amene anapatsidwa kadimba kumtsinje ndi mlendo wake tsopano. Mkangano umene unasiyidwa pakati chifukwa mboni inali ku Joni, mboniyo ikabwera, wouweruza ndi iye. Koma mbali inayi, palibe amene amayembekeza kuti aziyankhula ndi mawu a malemu, kuyenda ngati malemu, kutsokomola ngati malemu. Mfumu yotsanzira katsokomoledwe ka amalume ake, ana omwe akhoza kuiseka.

Taganizani za Inkosi Kachindamoto ya kumunsi kwa phiri, ku Mtakataka. Mayi Theresa Kachindamoto anagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27, kufikira pamene anaitanidwa kwawo mu 2003 kuti akalowe dzina. Dzinalo linali lakale, la Angoni a nthungo ndi zishango. Iwo analitenga n'kuligwiritsa ntchito imene makolo awo sanailotepo: kuthetsa maukwati a ana, mazanamazana, kubweza atsikana kusukulu, ngakhale kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankalekerera mchitidwewo. Alipo amene ananyinyirika kuti mayiwa akuswa mwambo. Koma pamene anamwalira mu 2025, ndani akadaima n'kunena kuti dzina la Kachindamoto analisiya lopepuka kuposa mmene analipezera? Anasintha zambiri, koma sanakane tsiku ndi limodzi lomwe kuti ndi mdzukulu wa amene anawatsogolera.

Ine ndikuona kuti woyendetsa sewero watsopano ali pamalo omwewa. Kalembedwe ndi kake, nthabwala ndi zake, liwiro la nkhani ndi lake. Zimene walowa, zimene sangazikane, ndi milandu ya anthu a m'seweromo: zimene anachita, zimene analonjezana, zimene zinawapweteka, ndi mtundu wa anthu amene oonera akhala akuwadziwa.

Kuti tione bwino mmene izi zimayendera tiyenera kupita kutali pang'ono, ku Britain, chifukwa kumeneko kuli sewero limene lasinthitsa oliyendetsa kambirimbiri anthu akuona. Doctor Who linayamba pa kanema wa BBC pa 23 Novembala 1963. Ndi nkhani ya munthu wochokera ku dziko lina la mlengalenga amene amayenda m'nthawi, pena kubwerera kale, pena kupita kutsogolo, m'kabokosi kooneka ngati kanyumba ka telefoni ka apolisi. Mu 1966 William Hartnell, amene ankachita mbali ya Doctor, thanzi lake linafooka. M'malo motseka sewero, oliyendetsa anapeka nzeru yakuti munthu ameneyu thupi lake likatopa limasandulika: nkhope ina, khalidwe lina, koma ndi yemwe uja ndipo akukumbuka zonse. Patrick Troughton analowa dzina. Kunena zoona, Angerezi aja anangogwera mwangozi chinthu chimene Achewa ankachidziwa kale.

Sewerolo linaima mu 1989, n'kudzadzuka mu 2005 m'manja mwa Russell T Davies. Iyeyu ankakonda za m'banja: mtsikana wogulitsa m'sitolo, mayi ake olongolola, chibwenzi chosiyidwa pakhomo. Mu 2010 analowa Steven Moffat, munthu wa ndagi, amene nkhani zake zinkapotana mwakuti chimene mwaona lero tanthauzo lake mudzalimva chaka chamawa. Ena anati mutu ukuwawa, ena anati tsopano ndiye zayamba kukoma. Mu 2018 kunabwera Chris Chibnall, ndipo kwa nthawi yoyamba sewero linayenda ndi Doctor wamkazi, Jodie Whittaker. Phokoso linalipo ndithu. Koma pamenepa ine sindimupeza Chibnall ndi mlandu. Pangano la sewerolo kuyambira 1966 linali lakuti thupi limasintha, ndipo iye sanaswe pangano lililonse. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwamuitana nokha, mulekeni amete.

Pamene ndimamuimba mlandu ndi pena. Mu 2020 analemba chigawo chonena kuti zimene oonera ankadziwa za chiyambi cha Doctor sizinali zoona. Sanabadwire ku dziko limene ankati ndi kwawo, anali mwana wotoledwa, ndipo anakhalapo ndi miyoyo yambiri imene anachita kumuiwalitsa, Hartnell uja asanaoneke n'komwe. Munthu amene anatsata sewerolo zaka zoposa 50 anauzidwa usiku umodzi kuti nthawi yonseyi ankamvera mbiri yolakwika. Kumeneku sikumeta ayi. Uku n'kupita kumanda ndi khasu kukasuntha mitumbira. Ndikudziwa kuti alipo amene anakondwera nazo, amati zinatsegula njira za nkhani zatsopano. Kapena n'zoona. Koma munthu wofuna zenera sayamba ndi kugumula maziko.

Chimene chinachitika pambuyo pake ndiye chimandigwira mtima. Davies atabwerera mu 2023, n'kubweretsa Ncuti Gatwa, mnyamata wobadwira ku Rwanda, kuti akhale Doctor, ambiri ankayembekeza kuti za Chibnall zija azifufuta ngati maloto oipa. Sanatero. Anazisiya momwemo, mpaka Doctor wakeyo ankatchula yekha zakuti anali mwana wotoledwa. Mlandu unaweruzidwa iye kulibe, kaya unaweruzidwa bwino kaya moipa, koma anausenza. Imeneyo ndiye mfumu yodziwa kulemera kwa dzina.

Amene anakwerapo ku mapanga a ku Chongoni, pa Chentcherere kapena pa Mphunzi, anaona chinthu chofanana ndi chimenechi pa thanthwe. Pali zojambula zofiira za Akafula, ndipo pali zoyera zimene Achewa anadzajambula pambuyo pake, za chinamwali ndi za gule, malo ena pamwamba penipeni pa zofiirazo. Manja ndi osiyana, nkhani ndi zosiyana, utoto ndi wosiyana. Koma obwera pambuyowo sanayambe apala thanthwe kuti liyere. Zofiira zija zikuonekabe, ndipo n'chifukwa chake mu 2006 a UNESCO anaika malo 127 amenewa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Pano ndikumva wina akuti, "Akulu, nkhaniyi mwailemetsa. Awa ndi anthu opeka. Kulibe Doctor, kulibe Manganya. Munthu wopeka mungamulakwire bwanji?" Zoona, wopekayo samva kuwawa. Wolakwiridwa ndi amene wakhala kutsogolo kwa wailesi.

Sewero la pa nsanja mumalipira pakhomo, mwakhala maola awiri, mwatuluka. Likakhala loipa mwataya ndalama ya tsiku limodzi. Sewero lopitirira mumalipira ndi zaka. Mayi amene ankapikula ndiwo msanga kuti nthawi ikamakwana akhale atakhala pansi, bambo amene ankayanika mabatire padzuwa masana kuti wailesi ilire madzulo, banja lonse litaunjikana pamoto mu Juni kuno kumapiri, chifunga chitatseka pakhomo, onsewa analipira. Ndipo sanangolipira, anagwiranso ntchito. Ndiwo anasunga m'mitu mwawo kuti uje anabereka mwana kunja, uje anabwereka ndalama osabweza, uje analumbira kuti mowa wausiya. Woyendetsa watsopano akamafika amapeza mudzi womangamanga, ndipo theka la njerwa zake zili m'mitu ya anthu amenewa. Popanda iwo dzina la sewerolo silikadakhala ndi mtengo, ndipo eni wailesi sakadavutika n'kumufunafuna iye kuti alipitirize.

Ndiye ngati munthu akufuna ufulu wonse, wopanda womufunsa za dzana, njira ilipo: ayambe lake, alipatse dzina lake, adzipezere yekha omvera. Koma kutenga dzina lakale kuti likukokere anthu, kenaka n'kutaya zonse zimene dzinalo linkatanthauza, sikusiyana ndi malonda aja timawadziwa m'mbali mwa msewu, oika kachewere wamkuluwamkulu pamwamba pa ndowa, pansi pali tating'onoting'ono tokhatokha. Wogulayo amadzazindikira atafika ku Blantyre.

Kuno kwathu nkhaniyi imalemera koposa, chifukwa masewero athu ambiri opitirira sanabwere kudzangoseketsa. Zimachitika, la bungwe la Story Workshop, linayamba kumveka pa wailesi mu 1997. Tikuferanji, la bungwe la ADRA, linasenza funso lake m'dzina momwemo, m'zaka zimene Edzi inkatiika m'manda mlungu ndi mlungu. Kumbukirani kuti kanema wa dziko lino anatsegulidwa mu 1999, pamene mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Pakati pa zaka zimenezi, chimene munthu akadapatsidwa chinali mawu basi. Ndipo munthu amene sakadamvera nesi kapena abusa ankatha kumvera munthu wa m'sewero, chifukwa anamuona akulakwa, akukana, akudwala, akuphunzira mochedwa ngati mmene tonse timaphunzirira. Chikhulupiriro chotere chimamangidwa pang'onopang'ono, ndipo maziko ake ndi akuti munthu wa m'seweroyo ndi yemweyo sabata ino ndi sabata yatha. Wobwera kumene akamusandutsa chidakwa kukhala mlaliki m'chigawo chimodzi chifukwa uthenga wa mwezi uno ukufuna mlaliki, omvera saphunzira kuti mowa ndi woipa. Amaphunzira kuti anthu a m'wailesi amayankhula zimene auzidwa.

Tinene mosabisa, ndipo apa sindikuloza chala sewero limodzi. Kuno nthawi zambiri woyendetsa weniweni sakhala m'chipinda chojambulira. Amakhala mu ofesi imene imasaina cheke. Chaka chino ndalama zabwera za Edzi, mudzi wonse wa m'sewero ukukayezetsa magazi. Chaka chamawa zabwera za mitengo, uja anali gone pa mphasa wachira mwadzidzidzi, akudzala mbande m'mbali mwa phiri. Chaka chinacho ndi cha chisankho, onse asanduka aphunzitsi a kavotedwe. Mitengo ilibe mlandu, ndipo aliyense woona mmene phiri la Dedza lametedwera angavomereze kuti nkhaniyo ndi yofunika. Vuto ndi lakuti mlembi amakhala yemwe uja, dzina lake likumvekabe kumapeto, pamene mpando wake anakhalapo wina kalekale, wina amene sanamverepo chigawo n'chimodzi chomwe ndipo sadziwa kuti wodwala uja anasiya ana angati. Kusintha kwa woyendetsa kumene kumalengezedwa m'nyuzipepala n'kwabwinoko, chifukwa timadziwa woti timufunse. Kusintha kwa mwakachetechete kotereku ndiye kumadya sewero ngati nankafumbwe, kunja chimanga chikuoneka chabwinobwino.

Tikuferanji imatipatsanso funso lina, lovuta kuposa apa. Kwa anthu ambiri sewero limeneli ndi a Michael Usi, ndipo a Usi ndi Manganya. Mu 2019 iwo anaima pa chisankho monga wotsatira wa a Saulos Chilima. Mu 2020 anakhala nduna. Mu Juni 2024, a Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa, a Usi analumbiritsidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, mpaka boma linasintha pa chisankho cha 2025. Apa palibe amene analowa dzina la mnzake. Munthu ndi mmodzi yemweyo. Koma kodi kwa womvera ndi yemwe uja? Mphamvu ya Manganya inali yakuti ndi munthu wamba, tambwali wa pakati pathu, wotha kuseka akuluakulu chifukwa iye alibe chotaya. Tsiku limene mwini nkhopeyo wakwera galimoto ya mbendera, nthabwala yomwe ija, ngakhale ya pa tepi yakale, imalowa m'khutu mwa njira ina. Sindikunena kuti analakwa kulowa ndale. Ndi ufulu wa nzika iliyonse, ndipo si oyamba: Du Chisiza naye anakhalapo nduna m'masiku omaliza a ulamuliro wa Kamuzu. Ndikungoti womvera nayenso ali ndi ufulu wodzifunsa kuti akuyankhulayu ndi Manganya kapena ndi bwana.

Makolo athu vuto limeneli analiona patali. Apa ndisapitirire kwambiri, ndingalipitsidwe nkhuku kudambwe. Koma aliyense wa kuno akudziwa kuti Chadzunda wa chaka chino ndi Chadzunda yemwe anaona agogo athu, ndipo sitinamvepo kuti Chadzunda wapuma pa ntchito, wasamukira ku Lilongwe, kapena walowa chipani. Gule sanaleke kulandira zatsopano. Pitani ku Chamare ku Mua mukaone mazana a zilombo zimene Bambo Claude Boucher anasonkhanitsa, mupezamo Simoni wofiira uja ndi Maliya, amene sakadakhalako azungu ndi mishoni asanafike. Atsabwalo asintha mibadwo ingati, bwalo likadali lomwelo.

Masewero athu a makono anatenga njira yosiyana. Timamanga chilichonse pa nkhope imodzi. Mukatchula Kapalepale, achikulire amamva mawu a Smart Likhaya Mbewe. Mukatchula Izeki ndi Jakobo, palibe amene angaganize za anthu ena koma John Nyanga ndi Eric Mabedi. A Nyanga atamwalira mu 2016, Jakobo anakhala zaka 5 wopanda womukanganitsa, mpaka naye anatsatira mu 2021. N'zokoma pamene mwini nkhope ali moyo. Akachoka, wolowa m'malo amapeza kuti palibe dzina loti alowe, pali chithunzi cha munthu basi. Gulu la Kwathu, limene a Mabedi ankatsogolera, linapitirira kuchita zisudzo iwo atapita, ndipo ine ndimaganiza kuti mwayi wake unayambira pa dzina lenilenilo. Kwathu si kwa munthu mmodzi.

Nanga zikatheka bwanji pamene zinthu zasinthiratu, moti kunamizira kuti ndi sewero lomwe lija kungakhale bodza? Ambiri a ife tinaonera Generations ya ku South Africa, ya Mfundi Vundla. Kumeneko zinachitika mozondoka: woyendetsa anakhala, mudzi ndi umene unathamangitsidwa. Mu Ogasiti 2014 ochita sewero 16, kuphatikizapo Menzi Ngubane ndi Sophie Ndaba, anachotsedwa ntchito atanyanyala pofuna malipiro abwino ndi gawo la ndalama zimene sewerolo linkapanga likamaonetsedwanso. Pa mkangano umenewo mtima wanga uli ndi ochotsedwawo, chifukwa nkhope zawo ndi zimene zinkagulitsa malonda. Koma pa funso lathu lino, Vundla anachita chinthu chimodzi choongoka. Sanatenge anthu ena n'kuwaveka mayina a ochotsedwa aja ngati palibe chachitika. Sewero linaima miyezi iwiri, n'kubwerera pa 1 Disembala ndi dzina loonjezera, Generations: The Legacy, nkhani italumpha zaka 20, Karabo Moroka atabwezedwa kuti akhale ulalo pakati pa akale ndi atsopano. Kunali ngati kuuza anthu kuti mudzi uja unasamuka, awa mukuwaonawa ndi ana ndi adzukulu; wofuna atsate, wosafuna atsale. Munthu ukhoza kudana nazo, koma sunganene kuti anakunamiza.

Nkhani imene imandikhalitsa chete kwambiri ndi ya Wakhumbata, ngakhale kuti ilo linali gulu la pa nsanja, osati la pa kanema. Du Chisiza mwini wake anali wolowa dzina kuyambira tsiku lobadwa. Bambo ake, Dunduzu Chisiza, anamwalira pa ngozi ya galimoto pa Thondwe mu Sepitembala 1962, iye n'kubadwa mu Malichi 1963, dzina likumudikira. Mu 1987 anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, ndipo kumeneko ankalemba yekha, kutsogolera yekha, n'kuchitanso mbali yaikulu. Anthu ankadzaza maholo kukaona Wakhumbata, koma kunena zoona ankapita kukaona Du. Anamwalira mu Febuluwale 1999 ali ndi zaka 35, kutangotsala milungu yochepa kuti kanema wa dziko lino atsegulidwe. Nthawi zina ndimadzifunsa kuti sewero lopitirira lolembedwa ndi munthu ameneyu likadakhala lotani, ndipo ndani akadalimba mtima kulilandira iye atachoka.

Amene analandira gululo ndi Gertrude Kamkwatira, mmodzi mwa amene anasulidwa ndi Du yemweyo. Sipafunika kuti munthu analipo kuti aone msampha umene mayiyu anaupeza. Akalemba ngati Du, anthu ati akungotsanzira, ndipo wotsanzira saposa mwini wake. Akalemba zake, anthu ati uyu si Wakhumbata. Mfumu ya kumudzi imapeza nkhadze zodzalidwa kale, mboni zamoyo, ndi nduna zokumbuka milandu. Iye anapeza dzina limene tanthauzo lake lonse linali munthu amene wangoikidwa kumene. Pa ichi pali phunziro la oyambitsa, osati olowa okha. Mfumu yanzeru imatenga mphwake kupita naye ku bwalo akadali mnyamata, azikhala kumbuyo n'kumamvera. Woyambitsa sewero amene amasunga zonse m'mutu mwake, osalola wina kugamula kanthu iye ali moyo, ndiye kuti akulikhomera m'bokosi lake lomwe. Du sindimuimba mlandu umenewu mokweza, chifukwa anaphunzitsa achinyamata ambiri, ndipo pa zaka 35 munthu saganiza za womulowa. Koma alipo ena lero a imvi zawo, m'mawailesi ndi m'magulu a zisudzo, amene sanalolepo wachinyamata kulemba chigawo chimodzi osachikhwatcha ndi cholembera chofiira.

Patapita nthawi Gertrude anachoka ku Wakhumbata n'kuyambitsa gulu lake, Wanna-Do, kumene analemba masewero ake monga It's My Fault ndi Jesus' Retrial. Alipo amene angaone ngati kumeneku kunali kuthawa maliro asanathe. Ine ndimaona kuti anachita chimene wolowa dzina woona mtima amachita akazindikira kuti chimene akufuna kunena sichikukwana m'dzina la mnzake: analibweza dzinalo, n'kuyamba kuitanidwa lake. Koma nthawi sinamupatse mpata wautali. Patangotha zaka 7 Du atapita, mu 2006, Gertrude naye anatsikira kuli chete, ndipo anyamata ndi atsikana a Wanna-Do anapezeka atakhala pa mphasa yomwe ija, akuyang'anana kuti alowe dzina ndani.